Bulangeti Lochokera ku Dambe

Anzanga akamakumbukira njala ya 1949 amakonda kuwerenga zimene anadya: mizu, gaga, mango owiritsa. Amachita ngati akupikisana. Zimenezo nanenso ndinadya, ndipo sindionapo chonyadira. Chimene ndinkafuna chaka chimenecho chinali chimodzi basi, kuti mwana wanga Filesi, wa zaka zitatu, afike pa chimanga chachiwisi ali moyo. Ndinali mtsikana wa mwana mmodzi, dzina langa Dorika, wapakamwa, wosamva za munthu. Tinkakhala m'mudzi wa amayi athu kufupi ndi Midzemba, nyumba yanga kuyang'anizana ndi ya achemwali anga a Elina. Amayi anali atamwalira kale, ndiye pabanja pathu tinatsala awirife ndi ana athu.

Okutobala

Chimanga cha dzinja lapitalo chinapserera m'munda chisanabereke, moti pofika Okutobala nkhokwe zathu zinali zogonamo nkhuku, ndipo nkhukuzo tinazidyanso. Amuna anga a Wilisoni ananyamuka kupita ku Halale, ati kukafuna ntchito. Anatenga jekete ndi lumo, ine n'kundisiyira malonjezo odzaza lichero. Kalata yawo ndikuidikirabe. Sanali okha. Amuna ambiri chaka chimenecho anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kwawo, kapena kuti kutali kuli ntchito. Amuna a achemwali, a Lameki, sanathawe. Ankakhala pakhonde tsiku lonse akuluka madengu, madengu abwino ndithu, koma ndani agula dengu alibe choikamo?

Achemwali anali ndi mwana mmodzi, Estere, amene anabwera atataya atatu. Anabadwa mwezi umodzi ndi Filesi, ndipo awiriwa anayamwa mosasankha bere. A Elina anali munthu wofatsa, wosunga mwambo mpaka kutopetsa. Ine ndikati tichite chakuti, iwo ankayamba afunsa ngati amayi akanalola. Tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse, koma mphika wathu unali umodzi.

Mbuzi imene kale inkagula madengu angapo a chimanga tsopano inkapita pa dengu limodzi losadzaza. Ku boma ku Neno ankagulitsa chimanga pang'onopang'ono, cha pamzere, ndipo kuchokera kwathu unali ulendo wogona panjira. Ndinapitako kawiri. Ulendo woyamba ndinabwera ndi kathumba kokwana m'khwapa. Wachiwiri chimanga chinatha nditatsala pang'ono kufika kutsogolo, ndipo ndinalankhula mawu amene mayi wa mpingo sayenera kuwadziwa. Mabanja ena anatsikira ku Shire kukakumba nyika, timizu ta m'madzi tija. Ife tinakhala, chifukwa achemwali anati munda sausiya mvula ili pafupi.

Kamtsinje kathu kanali ndi malo atatu amene aliyense ankawadziwa. Kumtunda kunali bango, kosapita anthu chifukwa cha njoka. Pakati, pamene madzi amazungulira mizu ya mkuyu n'kudekha, ndi pamene tinkatunga akumwa. Kumunsi kunali mwala waukulu wochapirapo. Mwezi umenewo kamtsinjeko kanali mchenga wokhawokha. Tinkafukula dzenje pansi pa mkuyu n'kukhala ndi chikho m'manja, kudikira kuti madzi asonkhane.

Novembala

Mvula inabwera bwino. Mbewu tinali titaimatira mu mtsuko ndi dothi, osati kuopa makoswe koma kudziopa tokha, ndipo tinadzala miyendo ikunjenjemera. Koma walira mvula walira matope. Masiku amenewo zimbudzi m'mudzi zinali zowerengeka, ambiri tinkapita kutchire, ndipo mvula yoyamba inakokolola zonse za chilimwe chathunthu n'kukazitsitsira mu kamtsinje. Madzi anabwera ofiira. Tinkawasiya adekhe mu mtsuko, akayera tinkati ndi abwino.

Sabata isanathe matenda anayamba. Munthu ankatsegula m'mimba ngati mtsuko wobooka, kusanza, miyendo kukokana. Pofika mawa lake maso alowa m'kati, khungu ukalitsina silibwerera. Dzina lake tinalibe, tinkangoti am'mimba aja. Olimba ankadzuka, koma ofooka ndi njala ankapita masiku awiri osakwana. Akuluakulu ankalangiza kuti wodwala asapatsidwe madzi, poti chimene wamwa ndi chomwecho chikutulukacho, ndipo kwa ife zinkamveka zoona.

Zonena zinachuluka. Ena ankati ndi chimanga cha ku boma, chachokera kutali ndipo mimba zathu sizikuchidziwa. Ena ankati ndi mango osapsa. Ena ankanong'ona za ufiti, koma mfiti yake inkasintha malinga ndi amene akunena. Pamaliro, amayi amene asambitsa mtembo ndi omwewo ankakoleza moto wa phala la gaga, poti amphamvu anali ochepa. Beseni losamba m'manja linali limodzi, kuyambira kwa amuna, kubwera kwa amayi achikulire, mpaka kwa ife, madzi atasanduka phala nawonso. Palibe anaganizako za beseni. Ine ndinkatsekera ana awiriwo m'nyumba kuopa mphepo yoipa, kenako n'kupita kukawatungira madzi omwe aja. Kuti sanadwale mwezi umenewo unali mwayi chabe.

Disembala

Kenako matenda anangoti zii. Maliro omaliza anali kumayambiriro kwa mwezi, ndipo pofika Khirisimasi palibe ankadwala. Aliyense anadzitamandira. A mpingo anati ndi mapemphero a Lachitatu, osiya chimanga cha ku boma anati mwaonatu, ndipo mkulu wina amene anakwirira mankhwala pamphambano ankayenda chifuwa patsogolo ngati tambala. Ine ndinkawaseka onse, ngakhale kuti nanenso sindinkadziwa kanthu. Chachikulu n'chakuti tonse tinati zatha, zapita. Tinaiwala msanga, chifukwa njala sinkatipatsa mpata wokumbukira zina.

Tinkapalira m'mawa mokha. Dzuwa likakwera khasu linkakana kudzuka, ndipo udzu unkatiseka. Kudya kunali bonongwe wopanda mchere ndi mpama, chilazi cha m'tchire chimene umawiritsa n'kutaya madzi katatu, ndipo ukafulumira chimakuzunguza mutu mpaka kugwa. Ganyu kunalibe, poti amene akanatilemba nawonso ankafuna wowalemba. Anthu anayamba kudyera m'nyumba, chitseko chotseka, ndipo ukamva mtondo ukulira kwa mnzako unkadziwa kuti wagulitsa kanthu.

Filesi anayamba kusintha. Tsitsi linafiira n'kumathothoka, mapazi anatupa moti ukadina ndi chala pankatsala dzenje. Anasiya kulira, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri. Ankangokhala pamthunzi atagwira chitsononkho chake chakale chimene ankachibereka ngati mwana. Estere anali wowonda, koma iye ankathamangabe.

Mwezi womwewo kunayamba kubwera bambo wina wa ngolo, a Maganizo, ndi chimanga chochokera kwa Apwitikizi. Ndalama sankazifuna kwenikweni, ankafuna katundu: makasu, mbale, nsalu. Chilichonse ankachitembenuza, kuchinunkhiza, n'kutchula muyeso wake osakuyang'ana kumaso. Mbale zanga ziwiri zamalata zinapita pa mbale imodzi ya chimanga. Nsalu yanga ya kutchalitchi inatisunga masiku asanu. Pofika kumapeto kwa mwezi m'nyumba mwanga munatsala mphasa, mtsuko, khasu ndi ine.

Januwale

Mwezi utangoyamba mvula inadula kwa masiku angapo, ndipo mudzi wonse unkayenda maso ali kumwamba, poti chaka chatha zinayamba choncho. Itabweranso tinapuma, koma chimanga chinali chikadali m'chiuno, ndipo Filesi sakanadikira kuti chikule.

Amayi athu anali ndi mng'ono wawo, a Nabanda, amene anakwatiwa ku Dambe, kumapiri, kumene tinkamva kuti kachewere ndi tirigu sizinafe zonse. Tinali tisanaonane zaka zambiri, koma chibale ndi fupa, sichiola. Ndinauza achemwali kuti ndikupita kukasuma, kukapempha kapena kukagwira ntchito iliyonse yoti andipatse chakudya. Ndinkayembekeza mkangano. Iwo anangoti ndimusiye Filesi, adzadya chimene Estere adye.

Ndinayenda masiku atatu ndi amayi ena awiri, mvula ili pamutu. Mtsinje wa Lisungwi unali utadzaza, tinaoloka titagwirana manja madzi ali m'chifuwa. Panjira panali anthu ambiri, okwera ndi madengu opanda kanthu, otsika nawonso opanda kanthu, koma tinkadziuza kuti amenewo alibe abale kumeneko. Ena tinkawapeza atakhala pansi pa mtengo, ndipo sitinkafunsa ngati adzadzuka.

Ndinafika n'kupeza amayi aang'ono ali gone, ndi matenda omwe aja amene kwathu tinkati atha. Kumeneko anali atangofika, ndipo anthu ankati abwera ndi ife a kumunsi. Atandiona anandiitana dzina la amayi anga, ine n'kungovomera. Ndinawasamalira masiku awiri, lachitatu anatisiya. Anadwalira m'bulangeti lofiira lamizere, lolemera, latsopano, limene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni. Chikanakhala chaka china likanapita nawo kumanda. Chaka chimenecho anawakulunga mu mphasa ndi nsalu yakale, bulangeti n'kulikankhira pakona.

Katundu wa malemu amagawidwa patapita nthawi, pa mwambo wometa, koma amuna awo anaona kuti sindingadikire. Anandiitanira kuseri n'kundiuza kuti chakudya alibe, koma popeza kuchimuna kwawo kwabwera anthu ambiri pamene ku mtundu wa mkazi wawo ndabwera ndekha, nditenge bulangetilo. Anawonjeza kachewere wokwana m'manja awiri. Ndinathokoza nditagwada, ndipo ndinene zoona, mtima wanga sunali pa malirowo. Ndinkaona dengu la chimanga. Pamudzi pa maliro sachapa, ndiye ndinalikulunga m'masamba a nthochi momwe linalili, lonyowa, lonunkha, n'kulisenza. Panjira sindinalimasule, kuopa kuti wina aliona n'kundilanda. Pobwerera m'mimba munandipota tsiku limodzi, ndinapatukira kutchire kangapo, kenako zinasiya. Sindinaziwerengere.

Febuluwale

Ndinafika kwathu mwezi utangoyamba. Filesi anali moyo, koma sankaimanso yekha. Achemwali anandiuza kuti a Maganizo abwera mkucha, ndiye bulangeti linafunika kuchapidwa mawa lomwelo kuti liume. Nditalimasula pakhonde iwo anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno, n'kufunsa kuti ndikachapira kuti. Ndinati pamwala, nanga pali pena?

"Pamwala ayi, Dorika. Chofunda cha malemu, asanamete n'komwe, pamwala pamene amayi apakati amachapira? Akakuona akuthamangitsa, ndipo a Maganizo akamva saligula. Pita kumtunda ku bango, m'mamawa anthu asanadzuke."

Ine amene ndinkatsutsa chilichonse chotuluka m'kamwa mwawo, tsiku limenelo ndinavomera. Zinamveka zaulemu ndiponso zanzeru. Kutangoyamba kucha ndinali m'bango, madzi ali m'mawondo, ndikupondaponda bulangeti ndi phulusa poti sopo kunalibe. Njoka sindinazikumbukire n'komwe. Litsiro linkachoka n'kumatsetsereka ndi madzi pang'onopang'ono, ine ndikusangalala kuona mizere ikuyera. Ndinalitsukuluza kanayi. Ndikumaliza ndinamva amayi akupatsana moni pa mkuyu, mitsuko ikudzaza, ndipo ndinabisala mpaka atapita, ndikudziyamikira kuti palibe wandiona. Pobwerera nanenso ndinatunga pomwepo.

A Maganizo analitembenuza, analinunkhiza, anafunsa kumene ndalitenga. Ndinati amuna anga atumiza, bodza limene ndinalinena mosaphethira. Anadzaza dengu mpaka pakamwa. Chimanga chochuluka chotero ndinali ndisanachione kwa miyezi inayi. Tinachigawa pawiri ndi achemwali. Tsiku limenelo Filesi anamwa phala lenileni, ndipo mawa lake anapempha lina. M'munda chimanga chinali chitatulutsa ngayaye, ndiye ndinaona kuti tikasamala dengulo litifikitsa.

Tsiku lachitatu kuchokera pamene ndinachapa, matenda anabuka m'nyumba zinayi nthawi imodzi. Mu Novembala ankayenda khomo ndi khomo, koma ulendo uno anagwa ngati matalala. Anthu anadabwa kuti chinthu chimene chinatha chabweranso bwanji. Anafunafuna chatsopano m'mudzi ndipo anapeza chimanga cha pangolo. A Maganizo atabweranso anawalandira ndi miyala, ndipo sitinawaonenso. Ena anataya ku dzala chimanga chimene anagula ndi makasu awo. Changa sindinataye. Ndinati ngati n'kufa, tife titakhuta.

Estere anayamba kudwala m'mawa wa Lachisanu. Achemwali anachita zonse monga mwa malangizo: anam'funditsa, anam'nyambititsa mankhwala a makungwa, madzi n'kum'mana. Mwanayo ankapempha, akuloza mtsuko. Mawu atatha ankalozabe ndi chala. Achemwali ankatembenuzira nkhope kukhoma n'kumamuuza kuti mawa, mwanangu, mawa umwa. Ine ndinali pomwepo ndipo sindinatsutse, chifukwa nanenso ndinkakhulupirira kuti tikum'thandiza. Loweruka dzuwa lili paliwombo Estere anatsirizika. A Lameki anakumba manda okha, poti amuna ena anali kukumba a kwawo.

Tikuchokera kumanda ndinapeza Filesi, amene ndinam'siya akugona, atanyowetsa mphasa yonse. Mantha amene ndinamva sindingawafotokoze bwino. Mwana amene analibe kale mnofu, nanga matendawa adya chiyani? Amayi achikulire amene anatiperekeza anabwereza zomwe zija, kuti asalawe madzi, ndipo mmodzi anatulutsa mtsuko panja kuti mwana asauone.

Achemwali analowa asanasambe n'komwe za kumanda, chinthu chimene sakanachita tsiku lina lililonse. Anayang'ana mwanayo, kenako n'kuyang'ana amayi aja.

"Wanga ndam'mana, ndipo wapita akuloza mtsuko. Uyu amwa. Akafa, afe atamwa."

Mayi wina anayamba kunena kuti chisoni chawasokoneza mutu, koma achemwali anali atapita kale pamafuwa. Anakoleza moto okha, anawiritsa phala la chimanga chija lamadzimadzi, n'kuthiramo kamchere kotsiriza kamene ankasunga m'kansanza. Anam'khazika Filesi pamiyendo pawo n'kumam'mwetsa ndi kasupuni. Akasanza ankadikira pang'ono n'kuyambiranso. Tsiku loyamba zonse zinkangodutsa, ndipo amayi aja anatuluka mmodzimmodzi akupukusa mitu. Tsiku lachiwiri maso analowa, manja anazizira, ndipo ndinaona a Lameki akuyang'ana khasu lawo pakhonde n'kuchotsa maso msanga. Ndinapempha achemwali kuti tisiye, mwina tikumupha ndife. Anati ndikasonkhezere moto. Tinkalandirana, koma iwo ndi amene ankakhala nthawi yaitali, ndipo sanalire mwana wawo mpaka tsiku lachinayi, pamene Filesi anakodza, n'kutsegula maso, n'kufunsa kuti Estere ali kuti.

Malichi ndi Epulo

Matenda anazungulira m'mudzi mpaka pakati pa Malichi, kenako anazilala monga poyamba, ndipo monga poyamba aliyense anali ndi chifukwa chake. Maungu anakhwima, kenako nkhaka, kenako chimanga. Amuna otsala ankagona m'misasa kumunda kuopa akuba. Chimanga choyamba achemwali anathyola m'munda mwawo, anachiotcha n'kupatsa Filesi. Ndinaona mwana wanga akukukuta ndi mano ake aang'ono ndipo ndinasangalala, koma kusangalala kwake kunali kwa manyazi, poti nyumba ya patsidya inali chete. Mu Epulo tinakolola zokwanira. Amuna ena othawa aja anayamba kutulukira ndi nkhani zazitali. Achemwali sanaberekenso. Filesi anakula akugona nyumba ziwiri, ndipo pa ukwati wake amene anavina kwambiri anali achemwaliwo.

Patapita zaka

Zinadutsa zaka zoposa makumi awiri, Filesi ali ndi ana akeake, pamene kunamveka matenda otchedwa kolera. Kunabwera bambo wa zaumoyo pa njinga n'kutisonkhanitsa amayi tonse. Kaya anali matenda omwe aja a chaka cha njala kaya ena ofanana nawo, sindidziwa, koma njira imene anafotokoza ndinaizindikira. Anati matenda otere satha, amangobisala: m'madzi, m'mimba mwa munthu amene wadwala pang'ono n'kumayenda nawo, m'zofunda za wodwala. Amadikira mvula, njala, kapena ulendo wa munthu mmodzi. Anatola kamtengo n'kujambula mtsinje pansi, n'kuloza pamene timatunga. Kenako anafunsa kuti zovala za wodwala zikachapidwa mu mtsinje, n'kuti kumene kuli koopsa kwambiri. Amayi onse anayankha pamodzi akuseka kuti kumtunda, koma nanga ndani wamisala angakachapire kumtunda?

Ine sindinaseke. Zimene ananena pambuyo pake sindinazimve. Achemwali anali pambali panga, ndipo sindinayerekeze kuwayang'ana.

Njira yobwerera inkadutsa pa kamtsinje. Mkuyu unali utagwa kale, ndipo pamene panali bango anthu analimapo madimba. Achemwali anaima. Anayang'ana kumtunda, n'kuyendetsa maso pang'onopang'ono kutsata madzi mpaka pamene tinkatunga. Ndi mtunda woti mwana akhoza kuponya mwala. Ndinayamba kunena kuti ndi ine, ndi manja angawa, iwo n'kundidula kuti nanga anandituma kumeneko ndi ndani. Tinaima choncho, amayi awiri imvi zitayamba, tikulimbirana mlandu. Ndinalira. Iwo sanalire.

Kenako anafunsa ngati dengu lija likanapezeka popanda kuchapa bulangeti. Ndinati ayi. Anafunsa ngati Filesi akanafika Malichi popanda dengulo. Ndinati sindikhulupirira. Anayang'ananso madzi.

"Ndiye usadzamuuze. Ndatsala ndi mwana mmodzi yemweyo, ndipo ndikufuna azibwera kwanga akuseka."

Tinaoloka, iwo patsogolo ine pambuyo. Filesi anafika madzulo ake atasenza nandolo, akuseka kuyambira kumsewu, ndipo analowa kaye kwa achemwali.